Kodi voltage ya 1.42 V ndi kutentha kwa madigiri 97 zingawononge i7-8700K yanga?

Wojambula_wa_ku_Liwonde analemba:

Akuluakulu, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa sabata yathunthu, ndipo ndaona kuti ndi bwino kulibweretsa kwa inu amene mwakhala mukuchita zinthu zimenezi kwa nthawi yaitali, pakuti safunsa anadya phula. Ine ndimajambula ndi kukonza makanema a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuno ku Liwonde, ndipo kompyuta imene ndimadyerapo ndinaigula kwa munthu wina amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg ataigwiritsa ntchito zaka zingapo. Mkati mwake muli purosesa ya Intel Core i7-8700K, motherboard ya Z370, RAM ya 16 GB ya DDR4-3200, ndi choziziritsira cha mphepo chokhala ndi fani imodzi ya mamilimita 120.

Miyezi ino maukwati ndi ochuluka, ndipo kanema wa ukwati umodzi amatenga pafupifupi ola lathunthu kuti render, ntchito yotulutsa kanema womaliza, ithe. Pofuna kufulumizitsa ntchito, ndinaonera kanema wina pa YouTube wa munthu amene ali ndi purosesa ngati yangayi, ndipo ndinatsatira zonse zimene iye anachita mu BIOS, mmene muli makonzedwe a motherboard, pokweza liwiro la purosesa kuposa la kufakitale (overclock). Ndinaika multiplier, nambala imene imasankha liwiro la purosesa, pa 50 kuti ma core onse 6 azithamanga pa 5.0 GHz, voltage ndinaiika pa 1.42 V, ndipo Load-Line Calibration (LLC), imene imachepetsa kutsika kwa voltage pa ntchito yolemetsa, ndinaikweza mpaka pa mlingo wake womaliza. Kompyuta inayaka bwinobwino ndipo sinazimepo yokha, koma nditatsegula HWiNFO64, pulogalamu yoonetsa kutentha ndi voltage, ndinaona kuti pa nthawi ya render kutentha kumafika madigiri 90 mpaka 93. Nditayesa Prime95, pulogalamu yolemetsa purosesa poiyesa, kunafika 97 mphindi zisanu zisanakwane, kenako kunagunda 100 ndipo liwiro linayamba kutsika lokha, choncho ndinaimitsa pomwepo.

Chimene chandisokoneza kwambiri ndi chakuti aliyense akunena nambala yakeyake. M'chikalata cha Intel chofotokoza mapurosesa a m'badwo umenewu ndinaonamo 1.52 V, pomwe anthu ena akuti munthu asapitirire 1.40 V, ndipo enanso akuti malire ndi 1.35 V. Pa kutentha zilinso chimodzimodzi, chifukwa ena akuti madigiri 95 alibe vuto popeza purosesa imadziteteza yokha, pamene ena amachita mantha ikangodutsa 80.

Ndikupempha mundithandize kudziwa voltage ndi kutentha zimene ndingakhale nazo tsiku ndi tsiku popanda kuika purosesa pa chiswe, komanso ngati masiku asanu ndi awiri amene ndayendetsa pa 1.42 V angakhale atawononga kale kanthu. Funso lina ndi la magetsi a m'nyumba, amene nthawi zina amafooka madzulo mpaka mababu kuwala mwaulesi: kodi zimenezi zimasintha voltage imene ikufika ku purosesa? Ndinenenso kuti mwezi uno wa Okutobala m'chipinda chimene ndimagwiriramo ntchito mumatentha mpaka madigiri 34 masana, ndipo purosesa imeneyi ikafa, ntchito za anthu amene analipira kale zidzaima kwa nthawi imene sindingathe kuiwerengera.

Wokonza_Makompyuta_Limbe anayankha:

Achimwene, mwachita bwino kuimitsa, ndipo musanawerenge zina zonse zimene ndilembe pano, lowani mu BIOS mubwezere zonse mmene zinalili poyamba, kenako muyambirenso mwadongosolo. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: sabata imodzi pa 1.42 V kawirikawiri siipha purosesa ya mtundu umenewu, ndipo ngati ikugwira bwino mukaibwezera pa liwiro lake la kufakitale, palibe chifukwa choganizira kuti mwaiwononga. Vuto likanabwera mukanapitiriza chomwecho miyezi ndi miyezi.

Nambala ya 1.52 V ilimodi m'chikalata chimene mwawerengacho, koma anthu ambiri amaimva molakwa. Imeneyo ndi nsonga ya voltage imene purosesa ingapemphe kwa motherboard, ndipo imawerengedwa poganiza kuti motherboard ikutsatira load-line ya Intel, imene imachititsa kuti voltage itsike ndithu purosesa ikayamba kukoka magetsi ambiri. Si chilolezo chakuti munthu aike 1.5 V yosasuntha, ma core onse ali pa ntchito yolemetsa maola ambiri tsiku lililonse. Nambala zinazo, 1.35 ndi 1.40, sizinachokere kwa Intel. Zinachokera kwa anthu amene akhala akukweza liwiro la mapurosesa a 14 nm (kapangidwe ka silikoni ka mapurosesa monga yanuyi) kwa zaka zambiri ndi kuona amene anakhalitsa ndi amene anafooka. Ine maganizo anga ndi akuti pa kompyuta yodyerapo, voltage imene ikuoneka purosesa ili pa ntchito yolemetsa isapitirire 1.35 V, ndipo ngakhale imeneyo ndi ya munthu amene kutentha kwake kuli pansi pa madigiri 85. Mlingo wa 1.40 V ndi wa anthu oziziritsa ndi madzi, amenenso angathe kugula purosesa ina mawa lake popanda kudandaula.

Taonani kuti ndanena voltage imene ikuoneka pa ntchito yolemetsa, chifukwa pali nambala zitatu zosiyana zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi imene mumalemba mu BIOS. Yachiwiri ndi VID, imene ndi pempho chabe la purosesa, osati zimene ikulandiradi. Yachitatu ndi Vcore, voltage imene purosesa ikulandiradi, imene HWiNFO64 imaonetsa pansi pa dzina la motherboard yanu, ndipo ngati motherboard yanu ili ndi mzere wolembedwa VR VOUT, umenewo ndiwo wokhulupirika koposa. Mukamayerekeza kompyuta yanu ndi ya munthu wina, yerekezani nambala yachitatuyi, render kapena mayeso ali mkati.

Apa ndi pamene Load-Line Calibration (LLC) imalowa m'nkhani, ndipo kunena zoona ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri kuposa 1.42 V yeniyeniyo. Purosesa ikayamba ntchito yolemetsa, voltage imatsika pang'ono, ndipo kutsika kumeneku, kumene timati Vdroop, si chilema ayi, kunaikidwa dala. Chifukwa chake ndi chakuti ntchito ikatha mwadzidzidzi, zipangizo za pa motherboard zopereka magetsi ku purosesa sizingathe kuchepetsa magetsiwo nthawi yomweyo, choncho voltage imadumpha m'mwamba kwa kamphindi kakang'ono kwambiri. Ngati inali itatsika kale, kudumphako kumathera pafupi ndi nambala imene munaika. Koma mukakweza LLC mpaka kumapeto, mwachotsa mpata umenewo, ndipo pa ma motherboard ena voltage imakwera kuposa imene munalemba purosesa ikalemedwa, mwina 1.42 yanu ija inkafika 1.45 kapena kupitirira. Kudumphako sikuoneka pa pulogalamu iliyonse ya mu Windows, chifukwa kumachitika mofulumira kwambiri kuposa mmene mapulogalamuwo amawerengera. Ikani LLC pa mlingo wapakati. Samalaninso ndi kawerengedwe kake, popeza pa ma motherboard a ASUS nambala yaikulu ndiyo yamphamvu, pamene pa ASRock ndi MSI mlingo woyamba ndiwo wamphamvu koposa, ndipo ambiri amapusitsika pamenepa potsatira kanema wa munthu amene ali ndi motherboard ya kampani ina.

Ndondomeko imene ndingakulangizeni ndi iyi. Purosesa yanu ikachoka kufakitale imafika 4.7 GHz pa core imodzi yokha, ndipo ma core onse 6 akamagwira ntchito limodzi imayenda pa 4.3 GHz. Choncho yambani ndi multiplier ya 47 pa ma core onse, voltage ya 1.25 V ndi LLC yapakati. Yesani ndi Cinebench kwa theka la ola, kenako OCCT kapena Prime95 kwa ola limodzi. Ikapirira, tsitsani voltage ndi 0.01 V ndi kuyesanso, mpaka mutapeza pamene imayamba kulakwitsa, ndiyeno mubwerere m'mwamba ndi 0.02 V. Ikalephera pa chiyambi pomwe, kwezani ndi 0.01 V m'malo motsitsa. Mukaona sikirini yabuluu yolembedwa WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR kapena CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT, nthawi zambiri tanthauzo lake ndi lakuti voltage yachepa pa liwiro limenelo. Ndipo musanayambe, dziwiranitu mmene mungafufutire CMOS, mosungira makonzedwe a BIOS, pa motherboard yanu, kaya ndi batani, kaya ndi kuchotsa kabatire ka CR2032 kwa mphindi zingapo, kuti kompyuta ikakana kuyaka musasowe pogwira.

Chomaliza, mapurosesa awiri a dzina limodzi sakhala ofanana, ngakhale atapangidwa tsiku limodzi. Ina imafika 5.0 GHz pa 1.30 V, ina imafuna 1.40 V, ndipo ina siifikako konse. Munthu wa mu kanema uja anakuonetsani nambala za purosesa yake, m'chipinda chake, ndi choziziritsira chake.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi anayankha:

Bambo a ku Liwonde, zimene anena a ku Limbe ndikugwirizana nazo, koma ndikufuna ndiwonjezere chifukwa chimene voltage ndi kutentha sizingakambidwe chilichonse pachokha, pakuti mukamvetsa chimenechi simudzafunanso kuti wina akupatseni nambala imodzi yoti muziisunga pamtima.

Mphamvu imene purosesa imasandutsa kutentha imakwera molingana ndi liwiro, koma pa voltage imakwera molingana ndi voltage kuichulukitsa ndi iyo yomwe. Tiyerekeze kuti purosesa yanu ingayende pa 4.7 GHz ndi 1.28 V, ndipo inu mwaiika pa 5.0 GHz ndi 1.42 V. Liwiro lakwera ndi maperesenti 6 okha, koma voltage payokha yawonjezera kutentha ndi maperesenti 23, ndipo mukaphatikiza ziwirizi mupeza kuti purosesa ikutulutsa kutentha kochuluka ndi maperesenti pafupifupi 31. Kumeneku ndi kuwerengera kochepetsa, chifukwa silikoni ikatentha magetsi ena amadontha mkati mwa ma transistor popanda kugwira ntchito iliyonse, kudonthako kumawonjezeranso kutentha, ndipo purosesa yotentha imafuna voltage yochulukirapo kuti isalakwitse. Zinthuzi zimakokana chimodzi ndi chinzake, n'chifukwa chake ma MHz 200 kapena 300 omalizira amakhala odula kwambiri kuposa onse oyambirira.

Tsopano za kuwonongeka. Purosesa ikamadya mawati 150 pa 1.3 V, ndiye kuti ma ampere opitirira 110 akudutsa m'kachidutswa ka silikoni kochepa ngati chikhadabo, kudzera m'timawaya ta kopa tosaoneka ndi maso. Ma electron akamadutsa mochuluka chomwecho amakankha maatomu a chitsulo pang'onopang'ono kuwachotsa m'malo mwake, mpaka pena pamapyapyala, pena pamaunjikana. Zimenezi zimatchedwa electromigration, ndipo James Black anafalitsa masamu ake mu 1969, osonyeza kuti moyo wa kawaya kotere umafupika magetsi odutsamo akachuluka komanso kutentha kukakwera. Palinso kufooka kwa ma transistor enieniwo, kumene kumafulumira ndi voltage yokwera. Akatswiri a zamagetsi ali ndi chiyerekezo chimene amagwiritsa ntchito mongoyandikira, chakuti madigiri 10 alionse owonjezera amafulumizitsa kukalamba kwa zipangizo pafupifupi kawiri. Si lamulo lenileni la purosesa iliyonse, koma limathandiza kuona chifukwa chimene 1.35 V pa madigiri 70 ndi 1.35 V pa madigiri 95 sizili chinthu chimodzi.

Amene akuti purosesa imadziteteza yokha akunena zoona, koma mwatheka. Malire a i7-8700K, amene amatchedwa Tjmax, ndi madigiri 100, ndipo ikafika pamenepo imatsitsa liwiro lake monga munaonera. Ikapitirirabe kutentha imazimitsa kompyuta. Chitetezo chimenechi chimaletsa kupsa kwa mwadzidzidzi, koma sichiletsa kukalamba kwa pang'onopang'ono, makamaka pamene mwini wake wakweza voltage kuposa imene opanga anawerengera poika malirewo. Ine ndingati pa ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku yesetsani kukhala pafupi ndi madigiri 80, ndipo pa mayeso olemetsa musalole kupitirira 90 kwa nthawi yaitali.

Chipinda chanu cha madigiri 34 ndi mbali yaikulu ya nkhaniyi. Choziziritsira cha mphepo sichingazizire kuposa mpweya umene chikukoka, ndipo digiri iliyonse imene yawonjezeka m'chipinda imawonjezekanso pa purosesa. Anthu ambiri opanga makanema a zoterezi amayesera m'zipinda za madigiri 21 kapena 22, kutanthauza kuti inu mukuyamba muli kale pa kutentha kowaposa ndi madigiri 12. Zimene zingayende bwino mu Juni zingathe kulephera mu Novembala, choncho ndi mwayi kuti mukuyesa nyengo yotentha ino, pakuti zimene zipirire tsopano zidzapirira chaka chonse.

Pa funso la magetsi a m'nyumba, yankho ndi lakuti ayi, sakhudza Vcore mwachindunji. Power supply imasandutsa magetsi a 230 V kukhala 12 V, kenako gawo la motherboard lotchedwa VRM limatsitsa 12 V imeneyo kufika pa voltage ya purosesa ndi kuisunga pamenepo. Magetsi akafooka kwambiri kompyuta imangozima kapena kuyambiranso. Choopsa chenicheni ndi kuzima render ili mkati kapena pamene mukusintha BIOS, komanso kubwera kwa magetsi mwamphamvu pambuyo pa kuzima, ndipo mankhwala a zimenezi ndi UPS, chipangizo cha batire chimene chimapatsa kompyuta magetsi akazima, osati kusintha voltage ya purosesa.

Wamasewera_Area25 anayankha:

Achimwene, ine ndilankhula ngati munthu amene anafooketsa purosesa ndi manja ake, ndipo mwina ndisiyana pang'ono ndi akuluakulu amene andiyambira kuyankha. Ndinali ndi Ryzen 5 3600, ndipo ndinatenga nambala zimene anthu amanena za mapurosesa a Intel a 14 nm n'kuziika pa purosesa ya 7 nm, poganiza kuti 1.40 V ndi 1.40 V kulikonse. Ndinaisiya pa voltage yosasuntha imeneyo, ikugwira ntchito zolemetsa usiku wonse kawirikawiri. Sinafe tsiku limodzi ayi. Patapita miyezi ingapo inayamba kulakwitsa pa liwiro limene poyamba inkapirira bwinobwino, ndinawonjezera voltage, inakhala bwino kwa kanthawi, kenako inayambiranso, mpaka ndinaibwezera pa za kufakitale. Cholakwa chinali changa. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti Ryzen ikakhala pa makonzedwe ake imatha kuonetsa 1.45 V pa ntchito yopepuka ya core imodzi, koma imatsitsa yokha voltage ma core onse akalemedwa, ndipo ine poika nambala yosasuntha ndinachotsa nzeru imeneyo.

Ndanena izi kuti aliyense wowerenga asatenge 1.35 V imene yatchulidwa pano ngati ya purosesa iliyonse. Ngakhale opanga enieniwo nkhani ya voltage yawavutapo. Mu Epulo 2023, mapurosesa ena a Ryzen 7000X3D atapsa m'ma socket awo, AMD inatulutsa makonzedwe atsopano a BIOS oletsa voltage ya SoC (gawo la purosesa lolamulira RAM ndi zina) kupitirira 1.3 V. Mu 2024 Intel inavomereza kuti voltage yokwera ndiyo inkafooketsa mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho inatulutsa microcode (malangizo a mkati mwa purosesa) 0x129 yoletsa purosesa kupempha zopitirira 1.55 V, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Microcode imeneyo inkateteza mapurosesa amene anali asanafooke, koma sinkachiritsa amene anali atafooka kale, chifukwa silikoni ikawonongeka sibwerera.

Tsopano pamene ndikusiyana ndi anzanga ndi apa: kodi phindu lake ndi lotani kwa inu? Ngati render imatenga mphindi 60 pa 4.3 GHz, ndiye kuti pa 4.7 GHz ingatenge mphindi 55, ndipo pa 5.0 GHz mphindi 52, ndipo kumeneko ndi kuwerengera kokomera, ngati kuti ntchito yonse ikudalira liwiro la purosesa lokha. Kusiyana kwa 4.7 ndi 5.0 ndi mphindi zitatu pa ola, ndipo render imodzi ikaima pakati chifukwa cha kusakhazikika, mwataya phindu la maukwati makumi awiri. Ndisanakhudze BIOS, ine ndikanayamba ndaona ngati pulogalamu yanu yokonzera makanema ikugwiritsa ntchito Quick Sync, imene ili kale mkati mwa purosesa yanu mu UHD Graphics 630 ndipo imatha kutulutsa makanema a H.264 ndi HEVC, kapena khadi la zithunzi ngati muli nalo. Njira imeneyo ingathe kudula nthawi kwambiri kuposa overclock iliyonse, ndipo purosesa imakhala yozizira.

Wojambula_wa_ku_Liwonde anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndatsatira malangizo anu kwa masiku atatu ndipo ndabwera ndi zotsatira. Ndisanayambe ndinatsegula kompyuta ndipo ndinapeza fumbi litatseka pafupifupi theka la choziziritsira, ndipo thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira, inali itauma mpaka kumanyenyeka. Nditapukuta ndi kupaka yatsopano, kutentha kunatsika ndi madigiri 7 ndisanasinthe kanthu mu BIOS, ndipo pa liwiro la kufakitale mayeso onse anadutsa popanda cholakwa, zimene zandichotsera mantha aakulu.

Pa 4.7 GHz purosesa yanga yakhazikika Vcore ikuonetsa 1.24 V pa ntchito yolemetsa, LLC ili pakati. Pa render kutentha kukukhala madigiri 78 mpaka 81 masana, ndipo pa Prime95 nditazimitsa AVX (malangizo a masamu olemetsa kwambiri purosesa) kunafika 84, koma AVX itayatsidwa kunafika 93. Ndinayesanso 4.8 GHz, koma inafuna 1.30 V ndipo render inafika madigiri 87, choncho ndabwerera pa 4.7. Za Quick Sync ndayesa pa kanema mmodzi waufupi ndipo nthawi yatsika kwambiri, ngakhale ndikufuna ndiyang'anitsitse kaye ubwino wa chithunzi pa sikirini yaikulu ndisanapereke kwa mwini ukwati.

Ndatsala ndi mafunso atatu. Mu HWiNFO64 ndaona VCCSA ili pa 1.30 V ndi VCCIO pa 1.27 V, chikhalirecho sindinazikhudzepo. Kodi zimenezi zili bwino? Kodi madigiri 93 a AVX aja andidetse nkhawa? Ndipo ndawerenga kuti kuchotsa chivundikiro cha purosesa kumatsitsa kutentha kwambiri. Kodi ndi chinthu chimene mungandilangize?

Wokonza_Makompyuta_Limbe anayankha:

Achimwene, 4.7 GHz pa 1.24 V ndi malo abwino kwambiri, ndipo mwachita bwino kutchula ma voltage awiriwo, chifukwa ine ndinaiwala kukuchenjezani. VCCSA ndi VCCIO zimadyetsa mbali ya purosesa imene imalankhula ndi RAM, ndipo za kufakitale ndi 1.05 V ndi 0.95 V. Purosesa yanu inapangidwira DDR4-2666, choncho XMP, makonzedwe okweza liwiro la RAM, ikayatsidwa kuti RAM ifike 3200, ma motherboard ambiri amakweza okha ma voltage awiriwa mopitirira muyeso pofuna kuti kompyuta ingoyaka basi. Pa DDR4-3200 nthawi zambiri 1.10 V mpaka 1.15 V imakwana pa zonse ziwiri. Zilembeni ndi dzanja pa 1.15 V, muyese RAM ndi MemTest86 usiku umodzi, ndipo ikadutsa mungatsitsenso pang'ono. Voltage ya RAM yeniyeniyo, imene XMP imaiika pa 1.35 V, isiyeni pomwepo.

Madigiri 93 a Prime95 ndi AVX asakuopseni kwambiri, popeza mayeso ake otchedwa Small FFTs amalemetsa purosesa kuposa ntchito iliyonse imene mungaipatse, koma musawasiye akuyenda maola ambiri pa kutentha kumeneko. Mu BIOS muli AVX offset, imene mukaiika pa 1 kapena 2 imatsitsa liwiro ndi 100 kapena 200 MHz nthawi iliyonse malangizo a AVX akamagwira ntchito. Dziwani kuti mapulogalamu otulutsa makanema monga x264 ndi x265 amagwiritsa ntchito AVX2, choncho offset imeneyo idzatsitsanso liwiro la render yanu. Popeza render yeniyeni ikukhala pa madigiri 81, ine ndikanaisiya pa 0. Yang'aninso kutentha kwa VRM ngati motherboard yanu imakuonetsa, ndipo pansi penipeni pa mndandanda wa HWiNFO64 pali mzere wowerenga zolakwa za WHEA, umene uyenera kukhala pa 0 render ikatha, chifukwa purosesa imatha kulakwitsa ndi kudzikonza yokha popanda kukuonetsani sikirini yabuluu.

Za kuchotsa chivundikiro, n'zoona kuti pakati pa silikoni ndi chivundikiro cha i7-8700K pali thermal paste osati chitsulo chowotcherera, ndipo amene anachotsa n'kuikapo liquid metal (chitsulo chamadzimadzi) ambiri amanena kuti kutentha kunatsika ndi madigiri 10 mpaka 20. Koma kwa inu sindingakulangizeni. Popanda chida chake chenicheni n'kosavuta kudula timizere ta pa purosesa, liquid metal imadutsa magetsi ndipo kadontho kamodzi kakagwera pa malo olakwika kamapha purosesa, komanso gallium imene ili mmenemo imadya aluminiyamu. Ndalama zimenezo ndi bwino muwonjezere mugule choziziritsira chachikulu cha mafani awiri, kapena fani ina yotulutsa mpweya kumbuyo kwa bokosi.

Lembani pa pepala nambala zimene mwapezazi, 4.7 GHz, 1.24 V, mlingo wa LLC ndi kutentha kwa chipinda, ndipo mumate pepalalo mkati mwa chitseko cha kompyuta. Mubwereze mayeso omwewo kumapeto kwa Novembala mvula isanakhazikike, ndiponso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mukatha kupukuta fumbi. Ngati tsiku lina 1.24 V idzayamba kulephera pamene inkapirira, musadzawonjezere voltage, mudzatsitse multiplier kufika pa 46.